Dzanja la Lionel Odling

Lachiwiri lililonse, kaya mvula kaya chisanu,
ndimaima pambali pa bolodi, choko m'manja,
m'bala ya kudoko kuno ku Grimsby,
kuchotsera, kuchotserabe,
pakuti madati ndi masewera a ngongole:
umayamba ndi mazana asanu ndi imodzi,
wopambana ndi amene watsala wopanda kanthu.

Lionel Odling ndamulembera zaka makumi awiri.
Masana ankatumbula nsomba m'fakitale yozizira,
zala zake zong'aluka ngati khungwa,
koma zikagwira kamuvi
zinkasanduka zala za wokonza mawotchi.
Phazi pamzere, chibwano kutsogolo,
thi! thi! thi!
timivi titatu kuthithikana m'kachipinda kofiira
kochepa ngati chikhadabo.
Sankakondwa ayi. Ankangozula,
n'kubwerera ku tambula yake ya mowa.

Ndiye usiku wina mu Novembala,
tikulimbana ndi anyamata a ku Cleethorpes,
atatsala ndi makumi atatu ndi ziwiri,
nambala imene ankaitseka ali m'tulo,
anakweza mkono, kuubweza kukhutu,
mkono n'kupita,
kamuvi osachoka.
Anayesanso. Zala zinamangana.
Bala yonse zii,
firiji yokha ikung'ung'udza pakona.
Kachitatu anawerama ngati akufuna kugwa,
kamuvi kali phee pakati pa zala
ngati kamera pomwepo.
Ine choko chinandithyokera m'manja.

Adokotala anamufinya chigongono, anamuunika,
anati mitsempha ili bwino, bambo.
Ife tinasanduka asing'anga tonse:
Desmond anati sintha nthenga,
Maeve wogulitsa mowa anati chepetsa kumwa,
mlamu wake anati onjezera.
Iye ankangogwedeza mutu, kuyang'ana dzanja lake
ngati galu amene wamulera yekha
wamuluma pamaso pa alendo.

Kenako anasiya kubwera.
Glenys, mkazi wake, ndinakumana naye pabasi.
Anati usiku amamva chitseko cha galaja,
amadikira kumva thi,
koma palibe. Ola lathunthu, palibe.
Amabwerera kukagona mapazi ali zizii.
Dzina lake pabolodi sindinalifufute;
ndinkalemba ena pansi pake
mpaka Desmond anandidzudzula kuti ndikuwononga malo.

Mu Malichi, mphepo ya kunyanja itayamba kufewa,
chitseko chinatseguka tili pakati pa masewera.
Anavula jekete, anaima pamzere,
koma phazi linali lina.
Timivi tinali kudzanja lamanzere,
dzanja limene moyo wonse linkangogwirira anzake timivi,
kapolo wodikira pakhomo.

Koyamba kanakabaya khoma,
pulasitala n'kugwera m'mowa wa Desmond.
Kachiwiri kanapeza nambala wani.
Kachitatu kanazendewera pa faifi,
kanaganiza, kanaganiza,
n'kukhala.

Zisanu ndi chimodzi.
Munthu amene ankandilembetsa handiredi eyite
mpaka mkono kuwawa.
Sindinadziwe poyang'ana.
Koma ndinamva phokoso lachilendo kumbuyo kwanga,
ngati chitseko cha dzimbiri chikutseguka:
Lionel Odling akuseka,
mano awiri osowa ali poyera,
mano amene zaka makumi awiri sindinadziwe kuti kulibe.

Lengeza, Ivor, anatero. Mokweza.
Ndinakweza mawu ngati a pa wailesi yakanema:
Zisanu ndi chimodziii!
Maeve anaimba belu la pakauntala.

Tsopano amasewera m'timu yachiwiri,
pamodzi ndi ana a zaka za mdzukulu wake,
amagonja kawirikawiri, amagula mowa mosadandaula.
Dzanja lamanja limagwira timivi todikira,
limapereka kamodzikamodzi kwa mnzake,
ndipo pamenepo, ndaona ndi maso angawa,
limamasula bwinobwino.

Bowo lija pakhoma likadalipo.
Mwini bala akufuna kulimata.
Ine ndalizunguliza ndi choko,
ndipo Lachiwiri lililonse, ndisanalembe dzina la munthu,
ndimayamba ndadutsitsanso mzerewo.